Mawaya a alamu anga a Norbert

A Norbert anabwera kwathu ku Kaphuka ali ndi zaka 27, atanyamula bokosi la masipanala ndi malaya awiri, kudzakwatira mlongo wanga Veronika. Ine ndinali nditangoyamba kumene uphunzitsi, ndipo ndinaona ngati mlongo wanga wadzitaya. Munthu wake wamfupi, wosalankhula, zikhadabo zakuda ngati wootcha makala. Kwawo kunali ku Kabwazi. Ntchito ya umakaniko anaiphunzira pa galaja ya mishoni, kwa Bulazala wina amene ankakonda kunena kuti galimoto imalankhula koma anthu ndiwo ogontha. Ndinawauza amayi kuti mkamwini ameneyu satha chaka. Anatha zaka 39, ndipo ndikulemba za chaka chomalizacho.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Galimoto ikabwera ikutsokomola, ankatenga ndodo, mbali ina n'kuigunditsa pa injini, mbali ina kukhutu, n'kutsinzina ngati ali pa mapemphero. Akatsegula maso ankangoti, "Pulagi yachitatu," ndipo inkapezekadi kuti ndi yachitatu. Kabuleta, kachipangizo kaja kamene kamasakaniza mafuta ndi mpweya m'magalimoto akale, ankaimasula pa lichero la Veronika, tizidutswa tonse mbwee, n'kuibwezera akucheza ndi munthu. Veronika analusa mpaka kutopa, kenako anangogula lichero lina.

Galaja yawo inali chisakasa cha malata asanu ndi limodzi pambali pa nyumba, pa malo a amayi athu. Anali ndi pikapu yoyera ya m'ma 1980, imene anaigula itagubuduzika n'kuiwongola okha. Pikapu imeneyo ndiyo inkanyamula kachewere wa mbumba yathu yonse kupita naye ku msika wa Linthipe. Inanyamulanso odwala, akwati, mabokosi a maliro, ndi ine amene tsiku lina nditaledzera pa chikondwerero cha aphunzitsi. Sanandikumbutsepo za tsikulo ngakhale kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo ndinayamba kuwakonda.

Mulungu sanawapatse mphatso ya mwana. Anthu ankalankhula, monga mudziwa, koma awiriwo ankakhala bwino. Chimene chinayamba kuwathera ndi ntchito. Magalimoto a kabuleta anatha mmodzimmodzi, ena kugulitsidwa kwa ogula zitsulo, ena kusanduka makola a nkhuku. Amene anabwera m'malo mwake anali a kompyuta, ndipo eni ake ankapita nawo ku Lilongwe kwa achinyamata amene amalumikiza kawaya n'kuwerenga matenda pa foni. A Norbert anatsala ndi njinga zamoto za akabaza, zigayo, ndi kalole ka bwenzi lawo a Rafaelo, kamene kanali kokalamba ngati eni ake.

Veronika anamwalira mu Juni 2022, atadwala miyezi inayi. Pikapu inali itafa kale mu Febuluwale. Kabuleta yake inali itadyeka moti mafuta ankangotayikira pa injini. A Norbert anali ataimata ndi sopo, ataimanga ndi ulusi, ataidulira chitini cha mkaka, mpaka panalibenso pomata. Tsiku lomaliza lopita naye Veronika kuchipatala anakwera kalole ka a Rafaelo. Alamu anga sanalankhulepo za zimenezi, koma ndikudziwa kuti zinawadya mumtima.

Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi. Mkazi akamwalira, pakapita nthawi achibale ake amamusudzula mwamunayo, ndiko kuti kumumasula kuti abwerere kwawo. Akakhala ndi ana akuluakulu, anawo amati bambo athu sapita, nkhani n'kuthera pomwepo. A Norbert analibe wowanenera. Ndipo mwini mbumba, woyenera kulankhula mawu osudzulawo, ndinali ine.

Itatha miyezi itatu, mlongo wanga wamng'ono Falesi anabwera kunyumba kwanga, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo. Falesi akakhala pansi chotero ndiye kuti wabwera ndi mlandu.

"Achimwene, ine sindidana nawo a Norbert," anatero. "Koma mwana wanga Rute akugona m'khitchini mwanga, iye, mwamuna wake ndi ana awiri. M'mawa ndimachita kugundana ndi mkamwini wanga pakhomo. Ndi ulemu umenewo? Malo a amayi ndi omwe aja pali galaja. Rute amange kuti?"

Ndinati kumtunda kuli malo. Anati kumtunda n'kwa miyala, ndipo mjigo uli kutali. Zonsezo zinali zoona. Ndinasowa pogwira, ndiye ndinagwira pikapu.

"Nanga kachewere wanu amapita ku Linthipe pamsana pa yani?"

"Pikapu yake iti, achimwene? Ija nkhuku zikuikiramo mazira?"

Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza tinamvana chonchi: pikapu ikanyamula kachewere wa chaka chimenecho, a Norbert akhale mpaka Mulungu adzawaitane, Rute akamange kumtunda. Ikalephera, tidzawasudzule tsiku lotsegulira chiliza cha Veronika mu Juni. Ndinavomera chifukwa ndinkaganiza kuti palibe galimoto imene ingawakanike alamu anga. Sindinawauze kanthu, koma m'mudzi nkhani siichedwa. M'mawa mwake ndinawapeza atathamangitsa nkhuku, boneti ili yasa.

Kabuleta ina anaifunafuna ku Dedza, ku Ntcheu, mpaka ku malire. Kunalibe. Ku Biwi, ku Lilongwe kumene amagulitsa zipangizo za magalimoto ophwasulidwa, anakumana ndi wogulitsa wina dzina lake Alvin, amene anawauza kuti asataye nthawi. Anati injini yawoyo ili ndi mng'ono wake wa m'ma 1990, thupi lomwelo, koma wopanda kabuleta. Mafuta amachita kupopedwa ndi timipopi tinayi, ndipo chimene chimalamula kuti apopedwe liti ndiponso ochuluka bwanji ndi kabokosi ka kompyuta. Anali nayo galimoto yotero yophwanyika kumbuyo. Akachotsa zonse za pamwamba pa injini, mawaya ndi bokosi lomwe, n'kuziika pa injini yakale, pikapu idzuka.

A Norbert anagulitsa makina awo owotcherera zitsulo ndi mbuzi ziwiri. Anabwerako ndi thumba la feteleza lodzaza, atalimanga kumbuyo kwa njinga ya kabaza. Atakhuthula pa mphasa ndinaona zitsulo, mapaipi, pampu, kabokosi ka aluminiyamu kofanana ndi buku la nyimbo, ndi mtolo wa mawaya wopiringizika ngati matumbo a mbuzi. Amene anauchotsa m'galimoto yophwanyikayo anali ndi changu, moti mbali ina anachita kudula ndi chikwanje. Panalinso mapepala asanu amene Alvin anawasindikizira, a mizere ndi timalemba ta Chingerezi tating'onoting'ono.

"Alamu, maso anga atha, ndipo Chingerezi changa chinathera Sitandade 6," anatero a Norbert. "Inu muziwerenga, ine ndizigwira."

Ndinaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu, ndipo ana a anthu ndawakwapula chifukwa cholephera kuwerenga. Mapepala amenewo anandibwezera zonse. Liwu lililonse ndinkatha kulitchula, koma tanthauzo osalimva. Ndinkawerenga mokweza ngati katekisimu, a Norbert n'kumamvetsera atapendeketsa mutu, kenako n'kunena kuti, "Ndiye kuti ameneyo ndi wouza bokosi kuti madzi atentha." Anali iwo amene ankandimasulira zimene ndawerenga.

Tinayamba mu Novembala, mvula itagwa. Chisakasa chinkadontha, ndiye mawaya anawalowetsa m'nyumba, n'kuwayala pabalaza kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda. Analipo 43. Aliyense ankamutsata ndi chala kuchokera pa bokosi mpaka kumene wathera, n'kumuyesa ndi kababu kuti aone ngati sanaduke mkati, n'kumumata kapepala. Oduka ndi chikwanje aja ankawalumikiza ndi chitsulo chotenthetsa pa mbaula. Tsiku labwino tinkamaliza mawaya atatu. Tsiku loipa tinkapeza kuti atatu adzulo aja tinasokoneza, wofiira wa mzere woyera tamuika pa wofiira wa mzere wachikasu.

Ankandiuza kuti pikapu yonse, mmene inalili kale, mawaya oyendetsa injini analipo anayi okha, ndipo ankawadziwa ngati zala zawo. Waya akakayikitsa ankangomukhudzitsa pa chitsulo, akathetheka moto ndiye kuti ali moyo. Apa Alvin anali atawaletsa. Kangapo ndinaona dzanja lawo likupita lokha kuti likhudzitse, iwo n'kulibweza ngati munthu amene wakumbukira kuti lero ndi Lachisanu, nyama sadya.

Zina zinali za manja, ndipo pamenepo ankatsitsimuka. Anaboola thanki n'kuikamo paipi yobwezera mafuta. Anasula okha kachitsulo kogwirizira pampu. Chitsulo cha pamwamba chija chitakana kukhala bwino, anachipala ndi tupa masiku anayi, akuimba nyimbo za Misa ya Chilatini. Koma akabwerera ku mawaya nyimbo zinkatha.

Pofika Khirisimasi zonse zinali m'malo mwake. Anapotokola kiyi. Injini inazungulira, n'kuzungulira, osagwira. Mawa lake chimodzimodzi. Januwale yense anatha chotero, tikumasula ndi kubwezera, ine ndikuwerenga mapepala omwe aja mpaka anayamba kung'ambika m'mapindo. Batire likatha ankalinyamula pa njinga kukalitchaja ku sitolo. Kachewere kumunda anali atachita maluwa. Falesi akamadutsa ankapereka moni mwaulemu, maso ali pa boneti.

Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa tayala, ndodo yawo yomvetsera ija ili pamiyendo.

"Alamu, kabuleta ikadwala imatsokomola, imalira, imanunkha, munthu umadziwa poyambira," anatero. "Ichi chikakana chimangokhala duu, ngati apongozi okwiya. Ndichifunse bwanji?"

Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinachita manyazi nditangotero, chifukwa munthu amene anadekha zaka zonsezo pakati pa ife sankafunika mwambi wa mphunzitsi wopuma. Zoona zake n'zakuti ndinali ndi mantha. Ndine amene ndinaika moyo wa munthu pa chinthu chimene tonse awiri sitinkachidziwa.

Chimene chinavuta chinapezeka kumapeto kwa Febuluwale, ndipo chinali chochititsa manyazi. Kawaya kena kabulauni, kamene kamayenera kugwira chitsulo cha galimoto, anakamangira pamalo pamene panali penti. Iwo omwe ndiwo anapaka pentiyo zaka khumi zapitazo. Anapala ndi mpeni, n'kumanganso. Atapotokola kiyi pang'ono tinamva kaphokoso kumbuyo, pampu ikung'ung'udza ngati njuchi, kenako n'kusiya. Atapotokola kachiwiri injini inalira.

Sindiiwala nkhope yawo. Sanaseke, sanadumphe. Anatuluka, n'kuzungulira galimoto kawiri, n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo ine sindinawatsatire.

Tinaiyesa popita ku Linthipe. Pa chitunda chimene kale tinkatsika n'kumakankha, inakwera ngati yaiwala kuti ndi nkhalamba. Utsi kunalibe. M'mawa kuzizire bwanji, inkalira kamodzi kokha. Ine ndinali kale ndi mawu okamuuza Falesi. Koma pobwerera ndinaona kuti a Norbert ali chete kuposa masiku onse, ndipo nditawafunsa anati:

"Ikuyenda bwino, alamu. Kungoti palibe pamene ndingapotokole. Kale ndikamva kuti yapuma molakwika ndinkatsika n'kuikonza. Panopa ikudzikonza yokha, ine ndangokhala wokwera."

Ndinawauza kuti wokwera kapena woyendetsa, bola kachewere afike ku msika. Anavomera ndi mutu.

Pa pepala lomaliza, pansi penipeni, panali chenjezo m'kabokosi ka mizere yakuda. Linkati batire lisachotsedwe injini ikulira, chifukwa magetsi amakwera mwadzidzidzi n'kuotcha kompyuta. Ndinaliwerenga ndi maso angawa, mu Novembala, ndipo ndinawamasulira. Iwo anati amva. Tonse awiri tinaganiza za manja a a Norbert okha. Palibe amene anaganiza za manja a anthu ena.

Apa ndifotokoze kachitidwe kathu, kuti a Rafaelo musawaweruze. Kuno kumapiri kumazizira, ndipo mabatire athu ndi otopa. Galimoto imene yayamba kulira m'mawa ndiyo imadzutsa zinzake. Mwini wake amaisiya ikulira kuti itenthe, mnzake amabwera ndi sipanala, kumasula batire, kukalizira yake, n'kubweza. Injini yakale sidandaula, ikalira yalira, magetsi imadzipangira yokha. Ndipo sapempha, monga mmene mayi sapemphera moto kwa mnzake, amangopala. Amene anabweretsa nzeru imeneyi m'mudzi mwathu ndi a Norbert. A Rafaelo anali atadzutsira kalole kawo pa batire la pikapu zaka zoposa makumi awiri. Chaka chimene pikapu inali yakufa ankachita kukankhitsa anthu, ndipo masiku amene tinkaiyesa iwo anali ku Ntcheu kumaliro a mkulu wawo.

Linali Lachiwiri, sabata yachiwiri ya Epulo. Kachewere anali atakumbidwa, matumba ali ndandanda m'mphepete mwa munda, ogula a ku Blantyre akudikira ku Linthipe. Kunali chifunga choti munthu osaona mbuzi ili pakhonde. A Norbert analiza pikapu, n'kuisiya kuti itenthe, n'kulowa m'nyumba kuti avale majombo. Ine ndinali momwemo, ndikumwa tiyi wawo. Tinamva injini ikukwera mawu, ngati munthu waponda mafuta, kenako inadukiza kawiri n'kuzima.

Titatuluka tinapeza a Rafaelo akumangirira batire pa kaliyala wa njinga, nkhope ili mwee.

"Wadzuka mkulu uja," anatero, akuloza pikapu. "Ndamumva ndili kwathu, ndati lero tabwerera mwakale. Koma wazima msanga bwanji? Kale sankatero."

A Norbert anamasula batire pa njinga, n'kulibwezera, n'kumanga bwinobwino. Analowa, n'kupotokola kiyi pang'ono. Tonse tinatchera khutu kumbuyo, kumene kuli pampu. Kunali zii. Anapotokola mpaka kumapeto, injini inazungulira bwino lomwe, osagwira. Anayang'ana mafyuzi onse mmodzimmodzi, akuwaunika kumwamba, ndipo onse anali amoyo. Ndinaona kuti ankafunitsitsa atapeza wakufa. Kenako anagwada pansi pa chiwongolero, n'kununkhiza.

Bokosi lija linali lomangidwa ndi timanati tinayi. Atalitsegula tinaona kabolodi kobiriwira, kodzaza tizinthu takuda tating'ono ngati nsabwe, ndipo pakona pena panali podera, pakakulu ngati njere ya nyemba. Panali pomwepo basi. Munthu amene anawongola galimoto yogubuduzika ndi nyundo anagwira kabolodiko m'manja, akukatembenuza uku ndi uku, ndipo panalibe pogwiritsa sipanala, panalibe pomanga, panalibe pomenya.

A Rafaelo anasendera pafupi.

"Achimwene, ndalakwa chiyani? Si mmene timachitira masiku onse?"

"Simunalakwe," anatero a Norbert. "Ndine ndinakuphunzitsani."

Ine ndinapsa mtima, ndipo ndinawalalatira a Rafaelo mawu amene sindingawalembe pano. Ndinkadziwa ndikulalata kuti wolakwa weniweni ndi amene anawerenga chenjezo n'kulisunga m'mutu mwake ngati chuma. A Norbert anandigwira pamkono kuti ndileke. Kenako anamasulanso batire lija, n'kuliika okha pa njinga ya a Rafaelo.

"Kalizeni lole. Ogula aja sadikira, ndipo kachewere akagona panja ndi chifunga ichi aola."

Kachewere wa mbumba yathu anapita ku Linthipe tsiku lomwelo, maulendo awiri, pa kalole ka a Rafaelo. A Norbert anathandiza kukweza matumba.

Sitinagonje msanga. Bokosi tinapita nalo kwa wokonza mafoni pa Linthipe, amene analiyang'ana ndi galasi n'kunena kuti chapsa ndi chimene chimasunga nzeru zake, ndipo chimenecho sagulitsa. Tinapita ku Biwi tonse awiri. Alvin anagwira mutu, n'kuimbira anzake asanu ife tili pomwepo. Onse anati mabokosi a mtundu umenewo anatha, galimoto zake zinasiya kubwera kalekale, mwina wina akadzachita ngozi. Anatilonjeza kuti akamva atiuza. Tinayenda m'mashopu mpaka miyendo kuwawa, a Norbert atakulunga bokosi m'kansalu ngati Baibulo. Wina anatipatsa lofanana nalo, koma pakamwa pake polowera mawaya panali posiyana. A Rafaelo anabwera kawiri kudzati agulitse kalole kawo, koma ukagulitsa ugula chiyani, chinthu chake kulibe?

Ndinapita kwa Falesi. Nthawi imeneyi ndine amene ndinakhala pansi pafupi ndi khomo.

"Galimoto inalira, mlongo wanga. Unaiona ndi maso ako ikupita ku Linthipe."

"Ndinaiona, achimwene. Ndinasangalala, Mulungu ndi mboni. Koma tinapangana za kachewere, ndipo kachewere wapita pa lole." Anapukuta maso ndi chitenje. "Rute ndi woyembekezeranso. Mukufuna achirire m'khitchini? Mukanena kuti a Norbert akhale, ine sinditsutsa, ndinu mwini mbumba. Koma mukamuuze Rute nokha."

Ndinamuyang'ana Rute ali pa mtondo, mimba ili patsogolo, ana awiri akumukoka chitenje. Sindinapite kukamuuza. Ndadzifunsa kambirimbiri ngati ndikanatha kukakamira, ndipo yankho limasintha malinga ndi tsiku. Chimene ndikudziwa n'chakuti mbali zonse kunali anthu anga, malo anali amodzi, ndipo ine ndinalibe nzeru ina. Ndinadziona wopanda pake, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamalopo ndimadziona chomwecho.

A Norbert ndiwo anandipeputsira. Sabata imodzi chiliza chisanatsegulidwe anabwera kwathu atavala jekete.

"Alamu, musavutike pofuna poyambira. Mwambo ndimaudziwa. Mudzangonena mwachidule, kuzizira kuno."

Tinatsegulira chiliza Loweruka, kunja kuli mphepo ya Juni. Abambo mfumu atadalitsa n'kupita, tinakhala pabwalo. Kuchokera ku Kabwazi kunabwera munthu mmodzi yekha, mdzukulu wawo wina amene ankangoyang'ana foni. Ndinaimirira n'kunena kuti a Norbert anatisungira mlongo wathu bwino, sitinawapeze ndi chifukwa, ndipo tsopano ndi omasuka. Mawu anandithera pakati, moti anamalizitsa ndi Falesi, nayenso akulira. Tinawapatsa thumba la ufa ndi nkhuku ziwiri. Iwo anaomba m'manja katatu n'kuthokoza.

Lolemba a Rafaelo anabwera ndi kalole ndi chingwe. Katundu sanali wambiri: bedi, mpando, bokosi la masipanala, malata asanu ndi limodzi a chisakasa. Pikapu anati saisiya, mwina Alvin adzaimba. Tinaimangirira kumbuyo kwa lole, a Norbert n'kukhala pa chiwongolero kuti aziwongolera ndi kuponda mabuleki. Ine ndinakwera nawo. Tinatuluka m'mudzi pang'onopang'ono, opanda phokoso lililonse koma matayala pa miyala, anthu ataima m'makomo. Mwamuna wa Rute anavula chipewa.

Ku Kabwazi si kutali, koma munthu ukachoka zaka 39, n'kumangobwera pamaliro, ndi kutali. Mayi awo anamwalira kale, alongo awo onse awiri chimodzimodzi. Pamalo pamene panali nyumba ya mayi awo panali munda wa kabichi. Mdzukulu wa foni uja anali atapita ku Lilongwe. Anatilandira ndi mayi wina wa zaka ngati makumi atatu, mdzukulu wa mlongo wawo wamkulu, mwana ali kumbuyo. Anatiyalira mphasa, anagwada, anatipatsa moni mmodzimmodzi mwaulemu wonse. Tinatsitsa katundu pansi pa mtengo wa pichesi, pikapu n'kuikankhira pambali pa khola.

Titati tizitsanzika, mayiyo ananditengera pambali.

"Pepani bambo, musandione ngati wamwano," anatero motsitsa mawu. "Amuna anga kulibe, ndipo ine sanandiuze bwinobwino. Agogowa akhala masiku angati? Ndifuna ndidziwe poyala."

Ndinayang'ana a Rafaelo, iwo anayang'ana matayala a lole yawo. Ndinangoti amuna awo akabwera adzafotokoza, ndipo ndinapita kukagwirana chanza ndi alamu anga. Dzanja lawo linali lozizira. Anati ndipereke moni kwa onse, ndiponso ndimuuze Rute kuti pakona ya kumadzulo pamalowa madzi, akamamanga akwezepo.

Lole itayamba kuyenda ndinacheuka. Mayi uja anali atalowa m'nyumba, bedi ndi mpando zili pomwe tinazisiya. A Norbert anaima kanthawi pakati pa bwalo, manja ali kumbuyo. Popeza panalibe amene anali atawalozera khomo loti alowe, anapita ku pikapu, n'kutsegula chitseko, n'kukhala pa mpando wa dalaivala, n'kudzitsekera.